Chili cha nyemba chopanda nyama mu pressure cooker, zonse zouma zili kale mu botolo

Pa shelefu yanga pamakhala mabotolo anayi a galasi odzaza nyemba zosanjikiza, zamawanga pansi, zakuda pakati, zofiira pamwamba, ndipo mlendo aliyense akalowa kukhitchini amayamba wafunsa ngati ndi zokongoletsa. Ayi ndithu, chimenecho ndi chakudya cha madzulo anayi amene ndikudziwa kuti ndidzafika kunyumba nditatopa, mutu usakugwira, ndilibe mphamvu zoyamba kusenda anyezi kapena kusakasaka kuti kodi cumin uja ndinamuika pati. Ndimangotsitsa botolo limodzi, madzi, mafuta pang'ono, kachitini ka tomato, basi, nkuphika mu pressure cooker, poto uja wotsekera nthunzi mkati. Pakatha ola limodzi ndi theka chili chili mu mbale, ndipo nthawi yambiri mwa imeneyo ndimakhala nditakhala pansi miyendo ili m'mwamba.

Kwa amene simunadyepo, chili ndi nyemba za msuzi wokhuthala wa tsabola, tomato ndi zonunkhiritsa, chakudya chochokera chaku Texas ndi kumpoto kwa Mexico. Eni ake amachiphika ndi nyama ya ng'ombe, moti ena aku Texas amakana kwamtuwagalu kuti mulowe nyemba, akuti chikatero si chili. Chathuchi tachitembenuza, nyemba zokhazokha, mulibe nyama, mkaka, batala kapena chilichonse chochokera ku chiweto. Akafuna akwiye.

Tiyambe ndi botolo

Pezani botolo la galasi la lita imodzi, lakukamwa kwakukulu, la chivindikiro chotseka bwino. Litsukeni kenaka lisiyeni liume mpaka liumiretu, osati kungopukuta ndi kansalu nkumati zatheka. Kadontho kamodzi ka madzi kotsalira pansi ndi kokwanira kubweretsa nkhungu, mudzatsegula patatha mwezi nkumva kafungo kachinyontho, ntchito yonse yapita pachabe. Ine ndimatsuka lero nkudzaza mawa.

Mu botolo limodzi mumalowa kapu imodzi ya nyemba zamawanga zija amati pinto, theka la kapu ya nyemba zakuda, theka la kapu ya nyemba zofiira zikuluzikulu, ndi theka la kapu ya mphodza zofiira zosenda. Kapu ndikunena pano ndi ya mamililita 250. Zonse pamodzi ndi makapu awiri ndi theka, pafupifupi theka la kilo, ndipo zikapsa zimakwanira anthu 6 osaumira. Mphodzazo musazisiye. Sizioneka chakudya chikapsa chifukwa zimasungunukiratu, koma ndi zimene zimapangitsa msuzi kukhala wokhuthala, popanda izo mumangokhala ndi nyemba zosambira m'madzi ofiira. Ngati mtundu wina wa nyemba mulibe, onjezerani umene muli nawo, palibe amene adzakuimbeni mlandu. Chofunika nchakuti zikhale nyemba zogula nthawi imodzi, musasakanize zatsopano ndi zija zagona chaka chathunthu kuseri kwa kabati, zakalezo zimachedwa kupsa ndiye mudzapeza zina zaphwanyika pomwe zinzake zikadali gwa.

Tsopano zonunkhiritsa, ndipo apa ndi pamene ndimasiyana ndi zithunzi zokongola zija mumaona pa intaneti, zimene amathira paprika ndi koko mwachindunji pamwamba pa nyemba kuti mizere ioneke bwino. Zimaoneka bwino zoona, koma funso nlakuti nyembazo mudzazitsuka bwanji? Nyemba zouma zimakhala ndi fumbi, nthawi zina timiyala, zimafunika kusankha ndi kutsuka, ndiye ngati mwasakaniza kale ndi zonunkhiritsa muli ndi njira ziwiri zokha, kutaya zonunkhiritsa zonse mu sinki kapena kudya fumbi. Choncho zonunkhiritsa zilowe mu kapepala ka pulasitiki kakeko, mumange bwino, mukaike pamwamba pa nyemba mkati mwa botolo momwemo.

Mu kapepalako ikani anyezi wouma masupuni aakulu 5, tsabola wosawawa wouma wodulidwa masupuni aakulu 3 ngati mwamupeza, chili powder masupuni aakulu 2, cumin wogaya supuni yaikulu imodzi, paprika supuni yaikulu imodzi, koko wopanda shuga supuni yaikulu imodzi, adyo waufa masupuni aang'ono 2, oregano supuni yaing'ono imodzi, ndi mchere masupuni aang'ono 2. Paprika akakhala uja wofukiza utsi ndiye bola kwambiri, amapereka kafungo ka zowotcha kamene anthu amasowa akachotsa nyama. Kokoyo musadabwe naye, chakudya sichimveka ngati chokoleti ayi, amangochidetsa mtundu nkuchipatsa kakomedwe kozama, koma werengani pa paketi kuti ndi koko weniweni, osati uja wa chakumwa wosakaniza kale ndi mkaka waufa ndi shuga. Chimodzimodzi ngati mukufuna kuponyamo kyubu ya supu, yang'anani kuti ndi ya masamba, zambiri zimakhala ndi mafuta a nkhuku kapena a ng'ombe, ndipo mukaika kyubu chepetsani mchere ndi theka.

Nkhani ya chili powder ndiime kaye pang'ono chifukwa inandionetsa zakuda. Pali zinthu ziwiri zimene zimagulitsidwa ndi dzina lofanana. China ndi chosakaniza, muli tsabola wosawawa kwambiri, cumin, oregano ndi adyo, chimenecho ndi chimene maphikidwe a chili amatanthauza akati masupuni awiri. Chinacho ndi tsabola wowawa yekhayekha wogaya, moto weniweni. Ulendo woyamba ine ndinathira masupuni aakulu awiri a wachiwiriyu mu mabotolo onse anayi, ndili ndi chimwemwe kuti ndakonzekera mwezi wonse. Tinadya tikutuluka thukuta ndi mamina, mlendo wanga akungomwa madzi nkumati chakoma, chakoma, maso ali psuu. Ndiye tembenuzani paketi muwerenge zimene zilimo. Ngati mwalembedwa tsabola yekha, ikani theka la supuni yaing'ono, muonjezere paprika supuni ina. Tsabola mutha kuonjezera pa mbale, koma akalowa mu poto satulukanso.

Tsekani botolo, matani kapepala kolemba tsiku ndi mawu ochepa okukumbutsani, madzi makapu 5, mphindi 40, tomato pomaliza. Mudzayamika tsiku limene mudzatume wina kuti aphike inu muli pa ulendo. Sungani pamalo ouma, posafika dzuwa, kutali ndi chitofu. Nyemba zimatha chaka osavuta, koma zonunkhiritsa zogaya zimayamba kutha mphamvu msanga, ndiye ine ndimayesetsa kuti botolo lisapitirire miyezi 6.

Tsiku lophika

Chotsani kapepala ka zonunkhiritsa mukaike pambali. Khuthulirani nyemba pa thireyi, sankhani timiyala ndi zofumbwa, kenaka mu sefa, tsukani mpaka madzi aziyera. Mphodza zofiira zimatulutsa madzi oyera ngati mkaka poyamba, nzabwinobwino zimenezo, tsukani kawiri katatu.

Kuviika kapena kusaviika? Ine nthawi zambiri sindiviika, chifukwa cholinga chonse cha botololi ndi tsiku limene sindinaganizire za chakudya mmawa. Koma ngati mwakumbukira, viikani maola 8 kapena usiku wonse m'madzi ambiri, mutaye madziwo, nyemba zimapsa mofanana bwino, sizing'ambika kwambiri, komanso kwa anthu ena mimba imavutako pang'ono ndi mpweya. Njira ziwiri zonsezi zimagwira, kusiyana ndi madzi ndi nthawi basi, ndifotokoza pansipa.

Musanayatse moto yang'anani poto wanu. Labala wa mu chivindikiro akhale wosang'ambika, wokhala bwino m'malo mwake, ndipo kabowo kotulukira nthunzi kakhale kosatsekeka, kwezani chivindikirocho kumene kukuchokera kuwala muone ngati kuwalako kukudutsa. Zimatenga masekondi 10 koma anthu ambiri amene amaopa pressure cooker nkhani zawo zimayambira pa kabowo kotsekeka kameneka.

Thirani mafuta ophikira masupuni aakulu 2 mu poto, moto wochepa, ngati ndi ya magetsi dinani batani lokazingira lija. Mafuta akangofunda khuthuliranimo zonse za mu kapepala muzitakasa osasiya, werengani mpaka 30, fungo likangokufikani m'mphuno thirani madzi kapu imodzi nthawi yomweyo. Musachoke kukayankha foni. Adyo waufa ndi paprika zimapserera mwachangu kwambiri, ndipo zikapserera zimawawa ngati mankhwala, kuwawa kwake kumalowerera poto yense. Koma kukazinga kwa masekondi ochepaku nkofunika, fungo la cumin ndi tsabola limatuluka bwino mu mafuta kusiyana ndi m'madzi, mukalumpha gawo limeneli chakudya chimamveka ngati ufa wosapsa. Mafutawo alinso ndi ntchito ina, amachepetsa thovu limene nyemba zimatulutsa zikamawira.

Madzi aja mwathira, palani nawo pansi pa poto ndi mthiko mpaka pasatsale chomata chilichonse. Ma pressure cooker a magetsi ngati Instant Pot akamva kuti pansi pakutentha kwambiri amangolemba kuti burn nkuzima, ndipo nthawi zambiri chimene chayambitsa ndi tizinthu tomata timeneti.

Tsopano thirani nyemba ndi madzi otsala. Ngati simunaviike, madzi onse akhale makapu 5 kuphatikiza ija mwathira kale. Ngati munaviika, makapu 3 akwana poti nyemba zamwa kale. Yang'anani mlingo wake: nyemba ndi madzi zisapitirire theka la poto. Zakudya zina mutha kufika magawo awiri mwa atatu, koma nyemba ndi mphodza ndi theka basi, chifukwa zimafufuma komanso thovu lake limakwera nkukatseka kabowo kaja. Botolo limodzi limakwana bwinobwino mu poto wa malita 6, koma ngati wanu ndi wa malita 3 phikani theka la botolo.

Tomato asalowe pano

Ndikudziwa dzanja likuyabwa kuti mungothira zonse nkutseka, nanenso ndinkatero. Vuto nlakuti tomato ali ndi asidi, ndipo asidi amalimbitsa khungu la nyemba kuti zisafewe msanga. Nyemba zosaviika zikaphikidwa ndi tomato kuyambira pachiyambi mutha kuzipatsa ola lathunthu nkuzipeza zikadali ndi kamtima kolimba mkati. Chachiwiri tomato ndi wolemera, amakhazikika pansi nkupserera, poti mu poto wotseka simungatakase. Tsiku lina ndinatsegula chivindikiro nkupeza zonse ziwiri nthawi imodzi, pamwamba nyemba zosapsa, pansi chikhokho chakuda chimene ndinapala masiku awiri. Kuyambira pamenepo tomato, mandimu, viniga, chilichonse chowawasa, chimadikira nyemba zipse kaye.

Mchere ndiye ayi, ulibe mlandu. Anthu ambiri amati ukathira mchere koyambirira nyemba sizipsa, koma ine ndathira koyambirira zaka zonsezi ndipo zimapsa, zimakomanso mpaka mkati, kusiyana ndi zothira mchere pomaliza zimene zimakhala ndi mchere kunja kokha. Zimene zimachedwetsa nyemba ndi asidi, ukalamba wa nyembazo, ndi madzi a laimu wambiri aja amasiya zoyera mu ketulo. Ngati madzi anu ndi otero, kasoda kapang'ono, kotala ya supuni yaing'ono, kamathandiza. Osapitirira apo, soda akachuluka chakudya chimamveka sopo.

Tsekani chivindikiro, valavu yotulutsira nthunzi ikhale potseka. Pa ya magetsi ikani pa mphamvu yaikulu, mphindi 40 kwa zosaviika, mphindi 15 kwa zoviika. Pa ya pachitofu yambani ndi moto waukulu mpaka iyambe kulira kapena kachitsulo kosonyeza kakwere, kenaka chepetsani moto kuti izingolira pang'onopang'ono, ndipo kuwerenga nthawi kumayambira pamenepo, osati pamene mwaika pa moto. Ya pachitofu imatentha kwambiri kuposa ya magetsi, zambiri zimafika madigiri pafupifupi 120 pomwe za magetsi zimatsalira kumbuyo pang'ono, ndiye zosaviika zipatseni mphindi 30 mpaka 35, zoviika 10 mpaka 12. Chinsinsi chonse cha poto ameneyu nchimenecho, mu poto wamba madzi amawira pa madigiri 100 ndipo sapitirira apo olo mukoleze moto bwanji, koma nthunzi ikatsekeredwa madzi amatha kutentha kuposa pamenepo. Nzeru yake ndi yakale ndithu, Denis Papin wa ku France anapanga poto woyamba wotere mu 1679, ankafewetsera mafupa. Ngati mumakhala kumalo okwera kwambiri, kumapiri, onjezerani mphindi zingapo poti kumeneko madzi amawira asanatenthe kwambiri.

Pali chifukwa china chimene ndimakondera pressure cooker pa nyemba zofiira zikuluzikuluzi. Zosapsa zimakhala ndi poizoni wachilengedwe wotchedwa phytohaemagglutinin, ndipo nyemba zochepa chabe zosapsa bwino zimatha kukusanzitsani ndi kukutsegulani m'mimba patangotha maola ochepa. Poizoniyu amafa nyemba zikawira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10. Mu pressure cooker zimenezi zimachitika zokha. Koma musatenge botolo lomweli nkukhuthulira mu slow cooker, poto uja wophika pang'onopang'ono tsiku lonse, kutentha kwake nthawi zina sikufika powiritsa, ndiye nyemba zofiira ziyenera kuwiritsidwa kaye pa moto zisanalowe mmenemo.

Nthawi ikakwana zimitsani, ndipo musakhudze valavu. Siyani mpweya utsike wokha, mphindi 15 mpaka 20. Mukatsegula valavu nthawi yomweyo zamkati zimawira mwaukali, nyemba zimang'ambika, ndipo thovu la mphodza limatuluka ndi nthunzi ngati kasupe. Ine ndinapukutapo madontho ofiira pa siling'i ndi pa makabati, ena mpaka pa katani, chifukwa chofulumira mphindi 10 zokha. Komanso nthawi yodikirayi si yotayika, nyemba zimakhala zikupsabe mkatimo. Pakatha mphindi 20, mpweya wotsala mutha kuutulutsa pang'onopang'ono, nkhope ndi manja kutali ndi nthunzi. Chivindikiro chikamakana kutseguka musachikakamize, ndiye kuti mkati mukadali mpweya. Potsegula chipendeketseni kuti nthunzi ipite kutsogolo, osati kumaso kwanu.

Lawani nyemba zisanu, osati imodzi, ndipo zikhale za mitundu yonse makamaka zofiira zikuluzikulu poti ndi zimene zimachedwa. Iliyonse iphwanyike mosavuta mukaikanikiza ndi lilime. Imodzi yokha ikalimba, tsekaninso mupatse mphindi 5 mpaka 10, onjezerani theka la kapu ya madzi ngati aphwera. Musanyengedwe kuti zipsa pamene mukuwiritsa ndi tomato, zikakumana ndi asidi zimachedwa kwambiri kufewa.

Pa nthawi imeneyi chakudya chimaoneka chosasangalatsa, chabulauni, chamadzimadzi, mwina nkuyamba kudandaula kuti ndakunamizani. Dikirani. Thirani tomato wa mu chitini cha magalamu 400, wodulidwa kapena wophwanya, ndi masupuni aakulu 2 a tomato wokhuthala uja wa phala. Amene mumafuna kumva kanthu kotafuna ngati nyama yogaya, ino ndi nthawi yothira theka la kapu ya nyama ya soya youma yaing'onoing'ono, imamwa msuzi nkufewa mu mphindi 10, ingoonjezerani madzi theka la kapu. Chimanga chotsekemera cha mu chitini chimalowanso pano ngati mumachikonda. Wiritsani osavindikira pa moto wapakati mphindi 15, muzitakasa pafupipafupi mpaka pansi chifukwa tsopano chimagwira msanga. Tengani chipande chimodzi cha nyemba, phwanyani ndi foloko mu mbale, bwezeranimo. Mudzaona msuzi ukusintha pamaso panu, ukuda, ukukhuthala, thovu lake likuphulika mwaulesi, ndipo mukadutsitsa mthiko pansi kanjira kake kamachedwa kutsekeka. Pamenepo chapsa.

Chotsala ndi kulawa, ndipo apa musathamange. Chikamveka chozizira mkamwa, ngati chikusowa kanthu koma simukudziwa kuti nchiyani, kawirikawiri ndi mchere, onjezerani pang'onopang'ono mukulawa. Mchere ukakwana koma chikadali cholemera, finyiranimo theka la ndimu kapena supuni ya viniga, mudzadabwa mmene kadontho kowawasa kamadzutsira poto yense. Tomato akakhala wowawasa kwambiri, shuga kansonga ka supuni. Chikachepa ukali, tsabola. Chikachuluka ukali palibe mankhwala enieni, koma peyala lodula pamwamba ndi mpunga wambiri pambali zimaziziritsako.

Ine ndimadya ndi mpunga kapena buledi, pamwamba anyezi wamuwisi wodula bwino ndi masamba a coriander. Chotsala chigaweni mu timakontena tosazama kuti chizizire msanga, chilowe mu filiji pasanathe maola awiri, musachisiye mu poto usiku wonse poti nyemba zimasasa msanga. Mu filiji chimakhala masiku 3 kapena 4, mu fuliza miyezi 3, ndipo mawa lake chimakoma kuposa lero, kungoti chimalimba, ndiye potenthetsa thirani timadzi. Labala wa chivindikiro mutulutseni mumutsuke payekha nkumuyanika, amagwira fungo la cumin moti mukadzaphika china chotsekemera chidzanunkha chili. Botolo lija latsala lopanda kanthu litsukeninso lero lomwe, liume usiku wonse, mawa mulidzaze nkulibweza kumbuyo kwa anzake atatu aja kuti lakale liziyamba kutsika.